Manda a Rushbrook ku Lifuwu

Ndinanyamuka ku Lilongwe Loweruka m'mawa dzuwa lisanatenthe, mwana wathu woyamba atangotuluka kumene m'chikuta. Ndinkapita ku Lifuwu kukataya dzina. Mkazi wanga Tiyamike anandiperekeza mpaka pakhomo, khanda lili pachifuwa.

"Pitani, koma mubwere ndi yankho," anatero. "Kusikelo akufuna dzina lonse. Ine ndatopa n'kumangoti mwana, mwana."

Dzina langa ndine Limbani Rushbrook. Mutandiona simungapeze pamene pabisala mzungu, chifukwa ndine wakuda bii, ndipo Chingerezi changa n'chongokwanira kufunsira ntchito. Kusukulu aphunzitsi atsopano ankati akaitana dzinali n'kuyang'ana kukhomo, ndiye n'kudzuka ine pakona. Anzanga ankati agogo anga anali khukhi wa bwana. Ena ankanena zoipa kuposa apo, zokhudza agogo aakazi, ndipo zimenezo zinkandipweteka mpaka m'mafupa. Bambo anga ndikawafunsa ankangoti, "Ndi dzina basi," mpaka anamwalira chaka chatha, tinawaika m'tauni momwemo.

Pa foni ndinapeza kuti dzinali linachokera ku kamudzi kena ka ku Mangalande, kuti limatanthauza kamtsinje komera milulu, ndiponso kuti ngakhale kwawoko eni dzinali ndi ochepa. Koma foni sinandiuze mmene linaolokera nyanja n'kudzagwera ine. Ndinali nditatsimikiza mtima kuti mwana wanga adzakhala Mbewe, mfunda wathu. Chinatsala n'kukauza mlongo wawo wamkulu wa bambo, azakhali anga a Nambewe, chifukwa kusiya dzina la bambo mwakachetechete ndinaona kuti n'kupanda ulemu.

Kudepoti kondakitala analumbira kuti kwatsala anthu awiri okha kuti tinyamuke. Anthu awiriwo analowa kanayi konse. Ndinalipira teni sauzande n'kupatsidwa theka la mpando, theka linalo linali la thumba la kabichi. Pa Chezi amayi ogulitsa anatilowetsera tomato ndi mbatata m'mawindo, ndipo ndinagulira azakhali anyezi ndi nthochi. Titatsika mapiri a ku Mvera mphepo inasintha. Majuzi anayamba kuvulidwa mmodzimmodzi, ndipo milambe inayamba kuoneka m'minda.

Tinafika pa Salima dzuwa lili pamutu. Ndinadya chimanga chootcha, kenako ndinapita pa kakhumbi kena kukatapa ndalama za pa foni. Mayi wa pamenepo anawerenga dzina, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Achimwene, foniyi mwaitola kuti?"

"Ndi yanga, mayi."

"Ndiye mzunguyo ndinu?" Anaseka mpaka kugwira thebulo. Nanenso ndinaseka, monga ndachitira moyo wanga wonse, koma mumtima ndinati mwana wanga yekha zimenezi sadzaziona.

Wa njinga yamoto amene ananditenga anali bambo wachikulire wa kofia yoyera. Tinagwirizana faifi sauzande, iye n'kuti, "Inshaallah tifika." Tinayenda pang'ono mumsewu wa ku Senga Bay, kenako tinakhotera kumanzere mumsewu wafumbi, momwe mchenga unkagwedeza tayala lakumbuyo ndipo ine ndinkagwira malaya awo ngati mwana.

"Ku Lifuwuko mukupita kwa yani?" anafunsa mokweza.

"Kwa a Nambewe, alongo awo a malemu a Rushbrook."

"Aa, kwa Lashibuluku! Mukananena kale. Mayi aja mpunga wawo ndi wosasakaniza."

Analitchula mmene munthu angatchulire Banda kapena Phiri, osatembenuka n'komwe kuti andione khungu. Aka kanali koyamba m'moyo wanga kuti dzinali lidutse popanda funso.

Azakhali sindinawapeze pakhomo. Anali kumunda wa mpunga, atakhala pa kachulu pansi pa ambulera yothyoka, akukoka chingwe chomangirira zitini kuti mpheta zithawe. Zaka zawapinda msana, koma mawu akadali a munthu woitana wina kutsidya la dambo. Ndinagwada n'kupereka moni.

"Limbani? Iwe, mutu wa bambo ako weniweni! Wanenepa masaya okha, miyendo ikadali ya udzudzu." Anandigwira kumaso ndi manja onse awiri, ndipo anagwetsa misozi osaipukuta. Nditawauza kuti kwabadwa mwana wamwamuna analuluta mpaka mpheta zonse zinauluka.

Ndinalibe mphamvu yoyamba ndi zimene ndinabwerera, choncho ndinazungulira. "Azakhali, kodi dzina lathuli linabwera bwanji? Agogo ankagwira ntchito kwa mzungu?"

"Ntchito? Kwa Lashibuluku?" Anaseka. "Akanawalipira chiyani, zigamba?"

Anandipatsa chingwe kuti ndizikoka ine, n'kuyamba kufotokoza. Mzunguyo, anati, anabwera ngati makanika wa kampani yogula thonje, iwo ali kamtsikana. Kampani itachoka iye anatsala. Ankakonza njinga ndi chigayo, ankagona m'kanyumba ka udzu kumapeto kwa munda wa agogo, ndipo ankadya usipa ngati wina aliyense. Chichewa chake chinali choseketsa ana, koma moni sankamuphonya. Dzinja lina malungo anamugwira. Agogo aakazi, ali ndi pakati pa bambo anga, ndiwo ankamuphikira phala.

"Zitafika poipa, agogo ako aamuna anamufunsa kuti kwanu tikauze ndani. Iye anati kulibe. Mkazi analibe, mwana analibe, mchimwene wake anafera kunkhondo. Anamwalira madzi atadula msewu, ndipo a kuboma anafika titaika kale. Amayi a m'mudzi muno anati maliro opanda wolira ndi manyazi a mudzi wonse. Anakhala pansi n'kumulira ngati mlongo wawo. Ine ndinaona ndi maso angawa."

Mpheta zinatera pa mpunga, ine ndaiwala chingwe. Azakhali anandimenya padzanja, ndinakoka.

"Pasanapite nthawi bambo ako anabadwa. Tsiku lotcha dzina, anthu ankayembekeza dzina la malume athu. Koma agogo ako aamuna anati, 'Ife tikafa, adzukulu amadzutsa maina athu. Mlendo uja amudzutsa ndani? Mwanayu ndi Lashibuluku.' Aphunzitsi anakopera kalembedwe kake pa bokosi lake la masipanala. Bambo ako atakulembetsa sukulu, dzina lawo linakhala lako. Nkhani yake ndi yomweyo, palibenso ina."

"Nanga bwanji bambo sanatiuze?"

"Ankati ana a m'tauni adzandiseka kuti ndimasesa manda a mzungu. Komanso iwe unkafunsa bwanji? Nkhope utaikwinya ngati wapolisi. Munthu angakuuze chinthu chokoma utatero?"

Ndinakumbukira kuti bambo ankabwera kuno okha chaka chilichonse mvula isanagwe, n'kumati akukaona munda, ndipo palibe mmodzi wa ife anapemphapo kuti apite nawo.

Azakhali anaitana mayi wa munda woyandikana nawo kuti awayang'anire mpheta, n'kundiuza kuti ndiwagwire mkono. Tinayenda pang'onopang'ono m'mizere ya mpunga mpaka pamtunda, pomwe pali mtengo wa bwemba. Popeza mzunguyo anali mlendo, sanamuike kumanda a mudzi. Agogo anapereka ngodya ya munda wawo. Panali mulu wa miyala basi, wopanda mtanda, wopanda cholembedwa chilichonse. Udzu unali utafika m'chiuno.

"Chimwalirireni bambo ako palibe walambula," anatero. "Ine mawondo akana."

Kenako anaomba m'manja katatu mofatsa, n'kuweramira miyala ija ngati akulankhula ndi munthu wodwala.

"A Lashibuluku, ndine Nambewe. Mnzanu wa dzina uja anakutsatirani, mwina mwaonana kale. Koma musadandaule. Uyu ndi mwana wake, wachokera kutali. Ku Lilongwe kwabadwanso wina, wamwamuna. Simunathe ayi."

Kenako anatembenukira kwa ine. "Paja iwe sungabwere ulendo wonsewu kudzangondipatsa anyezi. Wadzera chiyani?"

Ndinayang'ana miyala ija, ndinayang'ana nkhope yawo. "Ndadzabwereka khasu, azakhali," ndinatero.

Ndinalambula mpaka manja a muofesiwa anachita matuza, iwo atakhala pamthunzi akundinyoza kagwiridwe ka khasu. Madzulo tinadya mpunga watsopano ndi utaka, ndipo m'mawa wake bambo wa kofia uja anadzanditenga, thumba la mpunga lili pamiyendo panga.

Mu minibasi yobwerera ndinkangoganiza za agogo amene sindinawaonepo. Zaka zonsezi ndinkayesa kuti dzinali ndi chipsera chimene mzungu anatisiyira, osadziwa kuti ndi agogo anga amene analitola litatsala lokha, n'kulipatsa mwana wawo woyamba wamwamuna. Ndinachita manyazi, koma ndinanyadanso kuposa mmene ndinanyadirapo.

Ndinafika kunyumba chakumasana. Tiyamike anandiyang'ana m'manja, n'kufunsa kuti matuzawo ndi a chiyani. Ndinamutenga mwana, ndinakhala pansi, n'kuwafotokozera onse awiri kuyambira pachiyambi. Lolemba tinakamulembetsa kuti Takondwa Rushbrook, ndipo mvula isanagwe chaka chino ndibwerera ku Lifuwu ndi khasu langalanga.