Choso wa Pakhonde la a Miti

A Bizwell Miti, alamu anga, ndi munthu amene anthu a msinkhu wanga muno m'Chipata amamudziwa. Ngati munamanga ukwati kapena kubatizitsa mwana cha m'ma 1980, mwina chithunzi chili pakhoma panucho anajambula ndi iwo. Anakulira ku Tamanda, mwana wa mphunzitsi wa mishoni, nawonso anagwira choko mpaka kupuma, ndipo Loweruka lililonse ankayenda ndi kamera m'khosi. Ndi bambo aukhondo, mowa sakhudza, kutchalitchi sajomba. Koma ali ndi nthenda imodzi. Chimene anaphunzira ali mnyamata, ngakhale mngelo atatsika sangawasinthe maganizo.

Anakwatira mkulu wanga, Esnat. Chaka chatha Esnat anagwidwa ndi sitiroko, dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa, ndipo mawu ankatuluka movutikira. Ine ndinasamukira kwawo ku Nabvutika kuti ndizimusamalira. M'mawa uliwonse tinkamukhazika pampando pakhonde, ndipo mpamene anapeza mnzake. Choso, kambalame kakang'ono kotsopa maluwa, kanamanga chisa cholendewera pawaya wakale pakona pa khonde. Kankapita pa maluwa ofiira a kumpanda, kutsopa, n'kubwerera. Esnat ankakatsata ndi maso tsiku lonse. Mawu oyamba omveka bwino amene anatulutsa chidwalireni sanali dzina la mwamuna wake kapena langa. Anati, "Wabwera." Tsiku limene tiana tinayamba kulira m'chisamo anaseka, ndipo phala analimaliza lonse popanda kumunyengerera.

Nthawi yomweyo mwana wawo Malcolm, amene amagwira ntchito ku Lusaka, anatumizira bambo ake kamera yamakono, ya lenzi yaitali ngati munsi, yokokera pafupi zinthu zakutali. Ankafuna kuti mkuluyo apeze chochita. Anachipezadi.

A Bizwell analumbira kuti chosoyo amujambula. Koma pakhonde paja pali mthunzi wa mango, ndipo choso sakhala malo amodzi. Zithunzi zonse zinkatuluka mbuu, mutu kwina mapiko kwina. Munthu amene anajambula maukwati a Chipata yense anayamba kulephera kudya chifukwa cha kambalame kosadzaza m'manja. Potsiriza anaimbira Malcolm, foni ili pokweza mawu, ine ndikumva.

"Adadi, kambalame kotero kamafuna kamera yophethira msanga, shata yothamanga kwambiri," anatero Malcolm. "Tsegulani lenzi yonse kuti kuwala kulowe, ndiye ISO muikweze, ifike olo 1600. Mukatero mapiko aoneka bwino."

"ISO ndi ija tinkaitcha ASA pa filimu," anayankha a Bizwell. "Ine moyo wanga wonse ndajambula pa 100. Ukakweza, chithunzi chimachita mchenga. Dzina langa silinakhalepo pa chithunzi cha mchenga."

"Makamera a manje si akale, adadi. Mchengawo simuuona n'komwe."

"Iwe unabadwa ine ndikutsuka mafilimu," anatero, n'kudula foni.

Ndinaganiza kuti zathera pomwepo. Sindinadziwe kuti munthu akakana kusintha kamera amasintha mbalame.

M'mawa wina nditamusambitsa Esnat, ndinatuluka naye pang'onopang'ono, atatsamira paphewa langa. Tinapeza alamu atakhala pampando, kamera ili pamiyendo yake itatu, nkhope ili mwee ngati munthu woyembekezera mgonero. Kumpanda, pakanthambi ka maluwa, choso uja ankaphiriphitha. Mapazi ake anali atamatirira. Alamu anali atapaka ulimbo, umene anakonza okha monga ankachitira ali mnyamata ku Tamanda.

"Alamu, mukuchita chiyani?" ndinafunsa.

"Musapange phokoso, alamu. Ndikudikira chabe katope, kakhale phee. Ndikatha ndikamasula."

Ndaonapo anyamata akutchera ulimbo, koma iwo amakhala ndi njala ya ndiwo. Awa anali bambo okhuta, ovala malaya osita, akudikira modekha kuti mayi wa tiana atheretu mphamvu. Sindikanatha kumusiya Esnat kuti ndithamangire kumpanda, akanagwa. Pakamwa pake pankayenda koma mawu osatuluka. Pamene ndinkamukhazika pampando, kambalame kanali katasiya kulimbana, kukamwa kuli yasa. Kamera inalira kangapo, ndipo alamu anayang'ana chithunzicho pakagalasi ka kumbuyo kwa kamerayo n'kugwedeza mutu mokhutira.

Kumasula kuja anamasuladi, ndi mafuta ophikira. Nthenga zina zinatsalira panthambi, phiko limodzi linali lendee. Dzuwa lisanafike paliwombo kanafera m'manja mwanga. Alamu anati, "Kanali kofooka kale," n'kupita kukasamba m'manja ndi sopo.

Tiana tija tinalira tsiku lonse, Esnat akumva. Ndinakwera pampando n'kuyesa kutidonthezera madzi a shuga ndi kamtengo ka machesi, koma ine si choso. M'mawa mwake m'chisa munali zii, ndipo nyerere zinali zitandanda pawaya.

Chithunzicho, kunena zoona, n'chakuthwa. Nthenga iliyonse ikuoneka payokha, mchenga mulibe. Alamu anakachikulitsa kutauni, n'kuchiika m'fulemu, ndipo anadula cha kumunsi kuti mapazi asaoneke. Alendo akabwera amawaimika patsogolo pake n'kuwauza kuti anajambula pa 100, zimene anyamata a masiku ano amati n'zosatheka. Ine ndikamva ayamba, ndimapita kukhitchini.

Tsiku limene anabwera nacho, anayamba kumuonetsa Esnat. Anamuikira pamiyendo mwaulemu ndithu, chifukwa mkazi wawo amamukonda, m'njira yawo.

"Amake Malcolm, onani choso wanu. Uyu sauluka, muzimuona nthawi iliyonse."

Esnat anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa ine, n'kulimbana ndi lilime lake mpaka mawu anatuluka.

"Tryness, ndilowetse m'nyumba."

Ndinamulowetsa. Kuchokera tsiku limenelo pakhonde sanakhaleponso.