Wosoka Nsapato Amene Anasanduka Mlendo M'nyumba Mwake

Bambo amene anthu amawatchula kuti a Aleluya ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi zitatu. Ndi wosoka nsapato, ndi mkulu wa mpingo. Anabereka ana awiri, watsala mmodzi.

Kwa zaka pafupifupi makumi anayi ankakhala pakhonde la sitolo ya zitsulo, moyang'anana ndi pokwerera basi. Katundu wawo anali benchi, nyundo, singano, ulusi, chitini cha guluu ndi Baibulo lothothoka chikuto. Munthu akavula nsapato sathawa, ndipo a Aleluya ankadziwa zimenezi. Wobwera kudzakhometsa chidendene ankakhala phazi limodzi lili pakatoni, akumva za Yesu mpaka guluu atauma.

"Madala, guluu wanuyu sauma bwanji?" madalaivala ankawaseka.

"Auma ukanena ameni."

Ena ankatukwana. Ena ankabweranso opanda nsapato yong'ambika. Alipo amene anasiyira mowa pabenchi lija, alipo amene anabwerera kwa akazi awo. Zimenezi palibe amatsutsa. A Aleluya akaweruka sankalunjika kunyumba. Ankadzera kuchipatala, kundende, kumaliro a anthu osawadziwa. Akazi awo ankawasungira chakudya m'mbale yovundikira.

Zaka zitatu zapitazo mayiwo anayamba kuiwala. Poyamba mchere, kenako njira yochokera kumsika, kenako mayina. Adokotala anati matendawa sabwerera m'mbuyo. Mwana wawo wamkazi ali pabanja kutali, choncho a Aleluya ananyamula benchi n'kukaliika pakhonde la kunyumba.

Tsiku lina masana a Aleluya atalowa ndi madzi akumwa, mayiwo anakonza mpango kumutu n'kuwakokera mpando.

"Takulandirani, abambo. Mwachokera kutchalitchi?"

"Ndine, mayi. Mwamuna wako."

Mayiwo anaseka. "Inu abambo, musandiseketse. Amuna anga apezeke pakhomo dzuwa likuswa mtengo? Aja ali kumsewu, akupulumutsa dziko."

A Aleluya anayesa kuwakumbutsa sabata yathunthu. Anatulutsa chithunzi cha ukwati. Mayiwo analoza mnyamata wa pachithunzipo kuti ndi ameneyo, koma nkhalamba yaimvi iyi sakuidziwa. Akaumirira, mayiwo ankachita mantha, kukuwa kuti m'nyumba mwalowa munthu. Ndiye anasiya. Anavomera kukhala mlendo wa kutchalitchi. Mlendoyo mayi ankamukonda. Ankalola kuti awadyetse, awawenge zikhadabo, awasambitse mapazi.

Ankamuuzanso zakukhosi.

"Abambo, inu ndinu a mpingo, ndikuuzeni. Ndinali ndi mwana wamwamuna, wa zaka zinayi. Anatentha thupi Lachinayi. Ndinatumiza uthenga kubenchi. Amuna anga anati akubwera, akungomaliza kupemphera ndi munthu. Ndinadikira, ndinadikira. Kenako ndinam'bereka ndekha wa kuchipatala. Anandifera kumsana, pageti penipeni. Ndinangomva kuti kulemera kwake kwasintha."

A Aleluya anali atagwira phazi la mayiwo m'beseni. Sanalisiye.

"Bambo ake anafika dzuwa litapendeka, Baibulo kukhwapa. Mukudziwa zimene anandiuza? Akuti, 'Usalire ngati wosapemphera, anthu akutiona.' Anthu! Ine sindinalirenso. Misozi ija mpaka lero ili muno." Anadziguguda pachifuwa.

Zaka makumi atatu ndi zinayi zinali zitadutsa. Tsikulo a Aleluya ankalikumbukira. Ankakumbukiranso munthu amene ankapemphera naye uja: kondakitala amene ankafuna kudzipha, amene ali moyo mpaka pano, ali ndi zidzukulu. Umboni wa kondakitalayo anauchita kambirimbiri kutsogolo kwa mpingo, akazi awo atakhala mzere wachiwiri. Koma mawu amene analankhula kuchipatala aja anali atawaiwaliratu.

"Mayi," anatero, "amuna anuwo atabwera lero, n'kugwada, n'kunena kuti ndinalakwa, mungawakhululukire?"

"Abwere kaye."

"Nanga atandituma ine?"

"Aa, ayi. Za m'banja satumirana. Pakamwa ali napo, ndipo sipatopa." Anawayang'ana mwachifundo. "Koma inu mukulira chiyani? Si inu munalakwa. Inu ndinu munthu wabwino. Akazi anu ali ndi mwayi."

Kuyambira tsikulo chimene a Aleluya amapempha kwa Mulungu n'chimodzi: mphindi zisanu zokha zoti mayiwo awazindikire, apepese. Anayesa kuvala jekete lakale la kuntchito. Anayesa kutuluka, kuzungulira nyumba, n'kugogoda pachitseko madzulo ngati angoweruka kumene. Mayiwo anatsegula n'kunena kuti, "Pepani abambo, eni ake sanafike."

Mwana wawo atabwera kudzazonda, anamufotokozera zonse ali kukhitchini. Iye sanasiye kutsuka mbale.

"Ababa, ine ndinkadziwa. Amayi anandiuza ndili pasukulu."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Ndikanakupezani kuti? Pabenchi panu pankakhala mzere."

 Bambowo anatenga nsalu n'kuyamba kupukuta mbale zija.

Anthu ena amabwerabe ndi nsapato kunyumbako. A Aleluya sanasiye kunena za Yesu, koma masiku ano amayamba ndi funso: "Kunyumba mwasiyako bwanji? Alipo akudwala?" Munthu akati alipo, amamulanda nsapatoyo. "Pitani. Mudzatenga mawa. Zopemphera mukapemphere komweko." Abusa anawapempha kuti adzachitenso umboni wa kondakitala pamaso pa achinyamata. Anakana, osapereka chifukwa.

Nkhani ya mwana uja mayiwo amaifotokoza pafupifupi tsiku lililonse ngati yatsopano, ndipo mlendo amaimvetsera yonse, osaidula. Mwezi wathawu miyendo ya mayiwo inafooka, sakudzukanso pabedi. Mawu nawonso ayamba kuchepa. Mayiwo sanawazindikirebe amuna awo.