Mono wa m'tsindwi

Bambo anga atamwalira ndinapita ku Makhanga kukalongedza zotsala. Zolongedza zake zinali zochepa, poti madzi osefukira anali atatithandiza kale ntchitoyo. Mipando, mphasa, wailesi, zonse zinapita kukaona nyanja. Chomwe ndinapeza m'tsindwi la nyumba ndi mono wosamaliza, wakuda bii ndi utsi, wolukidwa mpaka pakati, wopanda kukamwa kolowera nsomba.

Ndinabwera nawo mumzinda. Kondakitala wa minibasi anandiseka, ati: "Achikulire, kumtunda kuno nsomba timavuula mufiriji!" Ndinangoupakata ngati mwana wodwala.

Ndimakhala ndekha. Mayi a ana anga anatsogola, anawo anabalalika ndi ntchito. Monowo ndinaupachika pamsomali moyang'anana ndi bedi, ndipo ndinalumbira kuti ntchito yomaliza ya bambo ndiimaliza ine. Vuto linali limodzi: sindinkadziwa kuluka kukamwa kwake. Bambo analuka miono moyo wawo wonse, koma ine, mwana wa sukulu, ndinkaona ngati ndi ntchito ya anthu osadziwa kulemba. Ndikanafunsa ndani? Anzawo a bambo anatha, ndipo anyamata a masiku ano akuphera nsomba masikito.

Loweruka lina ndinapita kunyumba yosungiramo zinthu zamakedzana. Ndakhala mumzinda uno zaka zambiri, koma ndinali ndisanapondemo. Munali zii, mapazi anga okha ndiwo ankamveka. Ndinadutsa mitondo, malichero, makasu akale, bwato louma lomwe linaiwala madzi, ndi ulimba wopanda woimba. Zonse zomwe ndinazithawa kwathu zinali zitanditsogolera kutauni, chilichonse chili ndi kachikwangwani kake, chikulemekezedwa kuposa ine. Ndinasungulumwa kwambiri m'chipinda chimenecho.

Mono ndinaupeza pakona, kuseri kwa chingwe choletsa kuyandikira. Ndinanjuta n'kuyamba kusuzumira m'kamwa mwake, khosi litapindika ngati la nkhuku yomwa madzi.

"Mukufuna mlamba kapena makakana?"

Anali mkulu wina wa imvi, wogwira ntchito momwemo, kansalu kopukutira fumbi kali paphewa. Nditangomupatsa moni anazindikira kalankhulidwe kanga.

"Inu ndinu a kumunsi, eti? Ine kwathu n'kwa Ndamera. Mwaswera tani, baba?"

Chisena chimenecho chinandilowa mpaka m'mafupa. Mumzinda muno panali patapita nthawi yaitali chilankhulire ndi munthu wakwathu. Paja safunsa anadya phula, ndinamufotokozera zonse. Anati iye miono anailuka ali mnyamata, ndipo anandilongosolera bwinobwino mmene bango amalipindira mkati kuti nsomba ilowe koma isatuluke. Kenako ndinamuonetsa chithunzi cha mono wanga pafoni.

Anachikulitsa ndi zala, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo anuwo anali amanzere?"

"Ayi," ndinatero. "Anali amanja."

"Ndiye sanaluke iwo uyu. Taonani uwu wapakonawu, mlaza wake ukupotokera uku. Wanuwu ukupotokera kwinaku. Woluka wake ndi wamanzere, komanso ndi wophunzira kumene. Onani mipatayi, apa mlamba ungadutse uli ndi banja lake."

Anaseka, koma ataona nkhope yanga analeka. Maso ake anatsikira padzanja lomwe ndinagwirira foni. Linali lamanzere.

"Pepani, baba," anatero motsitsa mawu.

Ndinathokoza m'Chisena kuti, "Takhuta," n'kutuluka. Sindinaonenso zipinda zinazo.

M'njira monse nkhaniyo inkabwerera pang'onopang'ono. Ndinali wa folomu wani, patchuti. Bambo anandikhazika pansi pa mtengo wa masawu, n'kundipatsa bango ndi mlaza. Masiku awiri ndinaluka, iwo akundimenya padzanja pang'onopang'ono ndi kabango, ati: "Manzere iwe, nsomba zidzakuseka." Tsiku lachitatu ndinapsa mtima. Ndinauponya kudzala monowo n'kunena kuti ine sindidzanunkha nsomba ngati iwo. Mawu amenewo ndinawalankhula ndi pakamwa pangapa. Ndimakumbukira kuti bambo anadzuka, n'kupita kukautola, n'kuusasa fumbi.

Nditafika kunyumba ndinautsitsa pamsomali. Ndinagwira mlaza pomwe unathera, ndipo dzanja langa lamanzere linangokwanirapo. Ndinakhala pabedi n'kulira, munthu wamkulu wa zidzukulu, popanda ndi mmodzi yemwe wondiletsa.

Sindinaumalizebe. Bango ndinagula, lili pansi pa bedi, ndipo kukamwa kwake tsopano ndikudziwa kalukidwe kake. Chomwe chimandifoola manja n'chakuti nyumba ya ku Makhanga ija si yomwe ndinakuliramo. Madzi anagwetsa yoyamba, anagwetsanso yachiwiri. Nthawi zonsezo bambo ankathawa ndi zochepa zokwana m'bwato, ndipo mono wokhotakhotawu unali m'gulu la zochepazo. Akamanga nyumba yatsopano ankaukwezanso m'tsindwi.

Ine ndinkapita chaka ndi chaka pa Khirisimasi, nditanyamula shuga ndi sopo. Ndinkakhala pampando pansi pake penipeni, n'kumawafotokozera za m'tauni, ndipo sindinakwezepo maso ngakhale kamodzi.