Chitseko Chimene Ndinasandutsa Tebulo

Senderani kuno nonse. Iwe wakumbuyoko, leka kuswa mtedza, nkhani iyi sindiinena kawiri.

Chinali chaka chotsatira chija tinadya chimanga chachikasu chathandizo. Mwana wanga wamkazi, wachitatu kubadwa, anali atangomaliza kuphunzira kutayipa ku Chipata, ndipo amalume ake anagulitsa ng'ombe n'kumugulira makina akale. Mwanayo anati, "Amama, ku Mnkhanya anthu akufuna makalata opemphera usikauti wolondera nyama zakutchire ndi ntchito za kumakampu a alendo, koma wowalembera bwino kulibe." Ndinatsika naye kuchigwako kuchokera kwathu kumtunda, poti mwana wamkazi sapita yekha kwa eni.

Tinapeza chipinda cha lendi pafupi ndi msewu, m'nyumba ya mayi wina wamasiye, wa mtundu wa Achikunda, wosalankhulalankhula. Chipinda chomwecho chogona, chomwecho ofesi. Ndinazira pansi, ndinapachika chitenje pakati kuti mphasa zathu zisaoneke. Mipando iwiri tinabwereka kutchalitchi. Chinasowa n'tebulo.

Kuseri kwa nkhokwe ndinaona chitseko chotsamira, cha mlombwa, chiswe chosachikhudza n'komwe. Mwini nyumba anali kumunda. Mumtima ndinati, anthu akuno ngowononga, thabwa labwino chonchi kulisiyira mvula! Ndinachikwecha ndi mchenga. Banga lina lakuda pakati linakana kuchoka, ndinangophimbapo kansalu. Tinachigoneka pa njerwa, makina pamwamba. Mwana anaseka: "Amama, mukanapita kusukulu bwenzi muli bwana."

M'mawa mwake kunabwera bambo woyamba. Atakhala, anayamba kufotokoza za kalata yake. Kenaka maso anagwera pa tebulolo, anadzambatuka ngati walumidwa ndi linthumbu. "Ndibweranso." Sanabwere. Sabata yathunthu anthu ankafika pakhomo, kusuzumira, kupereka moni, n'kubwerera.

Anandiuza ndi mayi wina kuchitsime. "Inu akumtunda, kodi pakamwa munapasiya kwanu? Chitseko chija ananyamulirapo mwamuna wa m'nyumbamo, njovu itamupondaponda akulinda mapira. Anachizula pakhomo pake pomwe. Chitseko chonyamula maliro kuno sichilowanso m'nyumba. Chimakhala panja mpaka chiwole chokha."

Ndowa ndinaisiya pomwepo, ulendo kunyumba kuti tikachitulutse. Ndinapeza mayi wamasiye uja atakhala pampando, kansalu atakachotsa, chikhato chili pabanga. Sanakalipe ayi. Ankauza mwana wanga motsitsa mawu: "Lemba, mama. Uti, bambo a ana, mapira aja tinakolola ochepa. Mbuzi yanu yaswa awiri. Denga likudontha pomwe munkanena paja."

Mwanayo ankatayipa misozi ikugwera pazala. Atamaliza anafunsa, "Titumize kuti, amama?"

"Ingosiya pomwepa. Awerenga okha." Potuluka anatembenukira kwa ine. "Zaka ziwiri ndakhala ndikulankhula ndi khoma. Mwachita bwino kuwalowetsa, anali kunyowa."

Atapita ndinati, "Mwanawe, chitsekochi chikakhalabe muno sitiona munthu. Ng'ombe ya amalume ako ipitire pachabe?"

"Munachilowetsa ndinu, amama. Kawauzeni nokha kuti amuna awo tikuwabwezera pamvula."

Ndinapita kawiri. Kawiri konse ndinafika pakhomo pawo, n'kupempha mchere.

Ndiye mayi wamasiye uja ankabwera Lachisanu lililonse, atasamba, atavala duku loyera. Ankanena za nkhuku, za mwana wawo wa ku Kitwe wosalemba kalata, nthawi zina ankawakalipira amunawo chifukwa chopita kumunda okha tsiku lija. Makalata tinkawapanikiza ndi mwala pakona. Mvula itakhazikika, thabwalo linayamba kununkha dothi la kumunda, fungo losamva sopo. Masiku ena tikabwera kotunga madzi, ndinkapeza kalata yapansi ili pamwamba. Mwana ankati ndi mphepo. Mphepo yonyamula mwala n'kuubwezeretsa ine sindinaionepo.

Ofuna makalata anapeza njira ina. Ankapita kwa mphunzitsi wina wolemba ndi bolopeni pansi pa mtengo. Ife kasitomala wathu anali mmodzi yekhayo, ndipo kalata zake sizinapezere ntchito munthu aliyense. Dzinja litatha tinamanga katundu. Chitseko tinachisiya m'chipindamo, pa njerwa zake.

Mwana wanga anagulitsa makina ku mishoni ku Msoro, anakwatiwa ndi sikauti, ali ku Malama, amalima thonje. Sanatayipenso. Amalume ake anamwalira osandilankhula. Mayi wakuchitsime uja anasamukira kwa ana ake kutauni. Wamasiye anakhala zaka zina zitatu. Ndinamva kuti chipindacho sanachichititsenso lendi, anasamutsiramo mphasa yake, ndipo ndi momwemo anamupeza atamwalira. Makalata anamuika nawo m'manda.

Ine ndi uyu mukumuonayu. Mumandiseka kuti mbale ndimaika pansi pomwe tebulo lilipo. Sekani.