Nsapato Yomanga ndi Waya

Tinkakumba kachewere m'munda mwathu, kutsidya kwa malire, nthawi ya nkhondo. Ine ndinali nditangobisa chule m'dengu la achemwali anga a Esinati, ndikudikira kuti akuwe. Sanafike pokuwa. Mfuti inalira kawiri cha kuchigayo, kenako agalu onse anakhala chete.

Amayi anasiya khasu lili chiimire m'nthaka. Anabereka Yohane, mlongo wanga wa miyezi isanu ndi umodzi. Bambo anati akatsegule kaye khola, ng'ombe zingapsere momwemo. Anati atipeza ku Biriwiri, pamsewu wa tala wa m'malire.

Tinalowa m'chimanga cha eni ake n'kugona chafufumimba pakati pa mizere. Sabata imeneyo Yohane anali ndi chifuwa. Amayi anamuika bere m'kamwa ngakhale anali atangoyamwa.

Kunabwera munthu. Nkhope sindinaione. Ndinaona nsapato zokha, imodzi yomanga ndi waya m'malo mwa chingwe. Zinaima mizere itatu kuchokera pamene panali mutu wanga. Yohane anasiya bere, nakoka mpweya ngati mmene ankachitira akafuna kutsokomola.

Chaka chino aphunzitsi a Chichewa anatiuza kuti tilembe chinthu choona. Nditawerengera kalasi mpaka pamenepa, ndinapinda pepala n'kukhala pansi. Fomu 3 yonse inatembenukira kwa ine. Chisomo, amene amakonda kundinena kuti wobwera, anafunsa chapansipansi: "Iwe, ndiye mwanayo anatsokomola?" Ndinati ndaiwala. Linali Lachisanu. Anavutika mpaka Lolemba, ndipo sindikupepesa.

Ndaopseza anthu ambiri ndi njoka za mphira, koma palibe anauma thupi ngati tsiku limenelo. Aphunzitsi anati mawu oti mantha sindinawalembe paliponse. Chinawagwira anzanga ndi waya uja, ndi kudikira. Iwo anadikirira kwawo, akudya, akugona. Ife m'chimanga muja sindidziwa kuti tinadikira nthawi yaitali bwanji.

Yohane sanatsokomole. Munthu uja anathyola chimanga chimodzi chachiwisi n'kumapita.

Tinawoloka msewu wa tala dzuwa litapendeka. Kumeneko ndiye kunali ku Malawi. Mayi wina wogulitsa kabichi anatipatsa madzi m'chigubu osafunsa kanthu. Yohane anatsokomolera pamenepo, nthawi yaitali, ndipo palibe anamuletsa.

Tinakhala m'mbali mwa msewuwo masiku asanu, maso ali kunjira yochokera kwathu. Tinawoloka anthu anayi. Tikadali anayi.