Tsidya la mtsinje

A Subraya Bhatta anatha moyo wawo akuphikira anthu. Kaya ndi ukwati, kaya chikondwerero cha kukachisi, paliponse pamene masamba a nthochi odyerapo ankayalidwa m'mizere iwo ankapezeka kuseri, thukuta lili kamukamu, akuvundula msuzi wa bwemba ndi mthiko wotalika ngati nkhafi. Sanali munthu wa mabuku. Mapemphero a m'mawa ankawanena pamtima monga anawalandirira kwa bambo awo, tanthauzo lake osalidziwa bwino.

Mwana anabereka mmodzi yekha, iwo ndi akazi awo a Jalaja atataya kale mtima. Dzina lake linali Vittala, koma pakhomo ankangomuti Putta, kamwana. Aphunzitsi ake sanamuiwale mpaka lero. Ndime ya Chisansikiriti, chilankhulo cha malemba opatulika, ankangoimva kamodzi, mawa lake n'kuibwereza yonse kwinaku akukanda chilonda cha pabondo. Kupatula apo anali mwana ngati anzake, wokonda mango osapsa ndi mchere, woopa agalu.

Mbiri ya mutu wakewo inawoloka mtsinje n'kukafika ku matha, likulu la chipembedzo, kumene mtsogoleri wokalamba ankafunafuna womulowa m'malo. Akuluakulu anabwera, anayang'ana nyenyezi za kubadwa kwa mwanayo, n'kumupempha. A Jalaja sanatuluke kukhitchini. A Subraya anavomera, pakuti ndani angamane Mulungu chimene wapempha?

Mawu ake asanayambe n'komwe kukula, Putta anametedwa, anachita yekha mwambo wa maliro ake posonyeza kuti wafa ku moyo wakale, anasiya dzina ndi zovala padziwe la kukachisi, n'kuvuuka atavala nsalu yofiirira, ndodo ili m'manja. Kuyambira tsiku limenelo analibenso bambo kapena kwawo. A Subraya anagwa chafufumimba pamaso pake pamodzi ndi anthu ena onse, ndipo pakamwa pamene panazolowera kunena "iwe" panayamba kuphunzira "inu".

Zaka zinapita, maulemu akungobwera. A Swamiji, monga mwanayo ankatchedwera tsopano, analemba mabuku omasulira malemba akale, anapambana mitsutso ya akatswiri kumzinda wopatulika wa Kashi, anapatsidwa maina aulemu ovuta kutchula. Kumaukwati anthu ankafika kumiphika kudzanena kuti, "Odala inu, a Bhatta." Iwo ankangogwedeza mutu n'kupitiriza kuvundula.

Kunyumba maso a a Jalaja anachita khungu. Tsiku lina anaterereka pachitsime, anathyoka chiuno, ndipo sanadzukenso. Dokotala anati kuwanyamula pa ulendo kungakhale kuwapha.

"Inu, mwamuuza?" anafunsa a Jalaja m'mawa wina, mvula ikugogoda padenga.

"Ndani?"

"Musandiyese wopusa. Ndinabereka angati?"

"Sitinena choncho, mayi. Aja ndi a Swamiji."

"Ndi a Swamiji kwa inu. Ine ndinamupukuta mamina. Ndikufuna ndimugwire kumaso kamodzi kokha, basi."

Inali nyengo ya lumbiro la mvula, pamene odzipatula ngati a Swamiji amakhala malo amodzi osawoloka mtsinje uliwonse. N'chifukwa chake akuluakulu a yunivesite ina, pofuna kupatsa a Swamiji digiri yaulemu, anabwera okha ku matha. Tsiku limenelo a Subraya anasiyira mnansi wodwalayo n'kukwera basi. Pamlatho sanachedwe n'komwe, madzi ofiira akukokoma pansi pawo.

Pachipata anakumana ndi Hebbar, woyang'anira zochitika za pa matha, amene anakula naye limodzi.

"Kodi ndi Subraya uyu? Wabwera kudzatiwonjezera mchere mu msuzi?"

"Sindinabwerere mphika, Hebbar. Jalaja akupita."

Hebbar anasiya kuseka. Anayang'ana magalimoto amene anadzaza bwalo.

"Ukudziwa nyengo ino, mnzanga. Taona, ngakhale mabwanawa abwera okha. Ima pamzere mwambo ukatha. Koma usamale pakamwa pakopo."

A Subraya anakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo. Akuluakulu analankhula mmodzimmodzi, kenako anaika pepala la ulemuwo pambale yasiliva, nafunditsa a Swamiji shawelo yokhala ndi ulusi wagolide m'mphepete. A Swamiji anayankha m'Chisansikiriti choyenda ngati madzi, akatswiri akugwedeza mitu. A Subraya sanatolepo kanthu. Chimene anaona n'chakuti munthuyo wawonda, ndiponso kuti timatsitsi tomera m'mutu mwake tinali toyera.

Pamzere ankabwereza mumtima mawu amene anawakonza: pali mayi wina wodwala tsidya lija, akupempha kuona nkhope ya a Swamiji. Nthawi yawo itakwana anagwa chafufumimba, maondo akulira, n'kudzuka atatambasula manja kuti alandire mpunga wa madalitso wopaka chikasu. Koma atayang'ana m'mwamba, mawu okonzedwa aja anathawa.

"Putta, amayi ako akufa. Tiye kwathu."

Amene anali pafupi anazyolika. Dzanja la a Swamiji linaima m'malere, mpunga uli m'zala.

"Mtsinje sindingawoloke lumbiro lisanathe," anatero motsitsa mawu. "Mukudziwa inu, a Bhatta."

"Pali mlatho. Madzi simuwakhudza."

"Lumbiro silidziwa mlatho."

Kumbuyo mzere unayamba kuthithikana.

"Akumva kuwawa kwambiri?" anafunsa a Swamiji.

"Sadandaula. Amangofunsa."

A Swamiji anavula shawelo ija, anaipinda mosachedwa, n'kuiika m'manja mwa nkhalambayo pamodzi ndi mpungawo. "Kawafunditseni," anatero, maso ali kale pa munthu wotsatira. Hebbar anawagwira a Subraya pachigongono n'kuwaperekeza mpaka pachipata osawadzudzula, ndipo zimenezo zinawapweteka kuposa kudzudzulidwa.

Atafika kunyumba, a Jalaja anamva mapazi n'kutchera khutu.

"Mapazi a munthu mmodzi," anatero.

"Watumiza ichi. Ndi chimene amulemekeza nacho lero, pamaso pa anthu ophunzira okhaokha."

Anawafunditsa. Mayiyo anasisita nsaluyo ndi zala, anafika paulusi wagolide, kenako anaikokera kumphuno.

"Ikununkha sitolo." Anapumira m'mwamba. "Wanenepa?"

"Wawonda. Ali ndi imvi."

"Putta, imvi?" Anakhala ngati akufuna kuseka, koma chifuwa chinawatsekereza. "Ndiye lumbirolo litha liti?"

"Mwezi wa mawa ukakhala wathunthu."

A Jalaja anatembenuzira nkhope kukhoma. "Kutali," anatero. "Chotsani ichi, chikundikanda."

Anamwalira mvula isanakate. Moto wotenthera mtembo, umene mwana wamwamuna amayatsira mayi ake, anayatsa ndi a Subraya, nkhuni zonyowa zikufuka utsi osafuna kugwira.

Lumbiro litatha, a Swamiji anachita mwambo wowoloka malire monga amachitira chaka ndi chaka. Ng'oma ndi zitoliro zinatsogola, ana a sukulu atandanda m'mbali mwa msewu ndi maluwa m'manja, ndipo galimoto yawo inawoloka mlatho pang'onopang'ono. Msewuwo umadutsa kumapeto kwa munda wa kokonati wa a Subraya. Nkhalambayo inatuluka n'kuima pakati pa anthu, manja ataphatikiza. Galimoto itafika pamenepo inachedwerako pang'ono, kapena mwina zinangooneka choncho chifukwa cha khamu. A Subraya anagwa chafufumimba m'matope monga anachitira onse, ndipo pamene ankadzuka, ng'oma zinali zikumveka kale kutsogolo.