Phazi la Buleki la a Hutala

Kudepoti ya mabasi palibe ankakumbuka dzina lawo lenileni. Onse ankangoti a Hutala, chifukwa bamboyu ankaimbira hutala chilichonse, ngakhale pepala louluka. Anayamba ngati wotsuka mabasi, kenako kondakitala, mpaka anagwira chiwongolero, ndipo imvi zinawamerera ali pampando womwewo. Sanagundepo ngakhale nkhuku, ndipo ukawapatsa mpata ankakuuza zimenezi mpaka tiyi kuzizira.

Tsiku lina ali pamsewu, pakati penipeni pa maso awo panachita bii. M'mbali ankaona mitengo ikudutsa, koma msewu womwe ankauyang'ana unasowa. Anaimika basi bwinobwino, mdimawo n'kuchoka. Dokotala anawapatsa mankhwala n'kuwauza kuti apume kaye. Ukapanda kubweranso mdimawo adzabwerera kuntchito, koma ukabwera, ndiye kuti za basi aiwale.

Munthu wozolowera msewu kumukhazika pakhomo n'kuzunza a m'nyumba. A Hutala anayamba kuwerengera akazi awo masupuni a shuga. Mkamwini wawo, wokonza mafoni ndi makompyuta, anamvera chisoni apongozi ake aakazi, ndipo anabweretsa kompyuta yakale yokhala ndi gemu yoyendetsa basi, ndi kachiwongolero komangirira patebulo.

“Kalibe mapedulo, bambo. Buleki ndi batani ili.”

“Basi ya buleki ya chala? Anthu inu mudzapha anthu,” anatero a Hutala, koma anakhala pansi, ndipo chakudya chinawapeza pomwepo.

Vuto linayamba pakona ina yotsetsereka ya mugemumo. Atafika pamenepo sikirini inangoti bii, injini ikumvekabe m'masipika. Makatani ankawaona, kabati ankaiona, koma msewu kunalibe. Asanaphethire kawiri chithunzi chinabwerera, basi ili m'ngalande. Yazima ndi sikirini, kapena ndi maso? Mutu unaima.

Njira yosavuta inalipo, yoitana akazi awo kuti adzaonerere limodzi. Sanawaitane, chifukwa ankaopa yankho. M'malo mwake anayamba kufufuza okha ngati wapolisi wosadziwa mlandu. Anaonera nkhani pasikirini yomweyo, siinazime. Anapukuta magalasi awo, anatseka diso limodzi, anasintha mpando, anamwa mankhwala nthawi isanakwane. Akangolowa mugemu, pakona kapena pamene galimoto yawadulira kutsogolo, mdima uja.

Pamapeto pake anaimbira mkamwini. “Chinthu chanuchi chikumazima. Ndikuganiza choncho.”

Mkamwini anabwera ndi chikwama chake. Anasintha chingwe cha zithunzi, anatsegula bokosi la kompyuta n'kupemerera fumbi pafani, anakhudza m'kati kuona ngati mukutentha, anaikamo mapulogalamu atsopano. Kenako anakhala pampando n'kuyendetsa yekha ulendo wonse, makona onse, miyendo atapinda pansi pa mpando. Sikirini siinaphethire n'komwe.

“Ili bwinobwino, bambo. Mwina imakuopani inuyo.”

Iye ankaseka, koma a Hutala sanaseke nawo. Makina akakhala abwino, wowonongeka ndani? Masiku otsatira anangokhala duu, kudya monyinyirika, yunifolomu yawo n'kumaiyang'ana pa hang'ala ngati ya munthu wina.

Akazi awo anaona kuti pali kanthu. Masana ena anakokera mpando pafupi, diresi yosoka ili pamiyendo.

“Tayendetsani ndione, bambo. Zaka zonsezi simunandikwezepo ulere.”

Anakana, anakananso, kenako anagwira kachiwongolero. Atayandikira kona ija, sikirini inazima.

“Aa, yazima,” anatero mayiwo.

“Mwati chiyani?”

“Ndati yazima. Kodi inu simukuona?”

“Mwaonadi inunso? Ndi maso anu?”

“Ndi a ndani nanga? Ndipo ndaona china. Mwendo wanuwo ukufuna chiyani kunsi kwa tebulo?”

Anawerama onse awiri. Kunsi kunali kabokosi ka masoketi, pamalo enieni pomwe buleki imakhala m'basi. Chala chinkadina batani, inde, koma phazi lamanja linali lisanamve kuti linapumitsidwa ntchito. Pakona iliyonse linkaponda mwamphamvu pulagi ya sikirini, yomwe inali yogwedera kale.

A Hutala anaseka mpaka misozi, n'kuulula zonse zimene ankaopa. Akazi awo anawakalipira pang'ono chifukwa chobisa, kenako ananyamula kabokosiko n'kukaika pawindo, kutali ndi mapazi. Madzulo amenewo bamboyu anadya mbale ziwiri, n'kupempha kuti yunifolomu ichapidwe.

M'mawa mwake anayendetsanso, akuimba kanyimbo, mayi ali pambali ndi singano yawo. Anadutsa kona yotsetsereka, anakwera mlatho, anafika pamsewu wowongoka wopanda chopondera buleki.

“Mayi, mwakhudza chingwe?”

Mayiwo anayang'ana pawindo. Pulagi inali m'malo mwake. Anayang'ana sikirini, ndipo inali ikuwala, basi ikuchoka pang'onopang'ono mumsewu kulowera kutchire. Anafuna kunama, pakamwa panakana.

“Ikuyaka, bambo.”

A Hutala manja anali akadali pachiwongolero. Kenako anawachotsa n'kuwaika pamaondo.

“Chabwino kuti zachitikira muno,” anatero ndi mawu otsika. “Muno mulibe ana a eni.”